Nsanda ya Che Abdulrahim

"Nsalu?" ndinafunsa, ndikudzikupiza ndi chipewa. "Bambo, uthenga wafika kupolisi woti kuno kwalowa akuba. Ndabwera chothamanga, tiyi ndamusiya patebulo, ndiye mukuti nsalu?"

Pakamwa pangapa pamandipweteketsa, aliyense pa Ntaja amadziwa zimenezo. Ndine Sajeni Lilian Nakhumwa. Mkulu amene ndimamukalipirayo anali Che Abdulrahim, amene kale ankapikula nsomba ku nyanja ya Chiuta n'kumakagulitsa mpaka ku Limbe. Tsopano anali atakhala pamkeka m'chipinda chawo, atatsamira khoma, miyendo itatupa ngati mitondo. Nkhope inali itatha, kutangotsala maso.

"Si nsalu wamba, mama," anatero motsitsa. "Ndi nsanda yanga."

Ndine Mkatolika, koma ndakhala pakati pa Asilamu mokwanira kudziwa kuti nsanda ndi nsalu yoyera imene amakulungamo maliro. Chimene sindinkadziwa n'choti munthu angathe kuisunga yekha akadali moyo.

"Ku Haji ndinapita kamodzi, ndipo sindidzapitanso," anapitiriza. "Ndinaigula ku Makka komweko. Ndinaiviika m'madzi a chitsime chopatulika cha Zamuzamu ndi manja angawa, n'kuiyanika padzuwa la kumeneko. Zidutswa zitatu zazitali. Singano sinadutsepo, ndipo siyenera kudutsapo. Matendawa mukuwaona nokha. Ndikufuna kukagona m'menemo. Ndipezereni ndisanatseke maso."

Ndinagwada pafupi ndi bokosi lachitsulo limene linali kumutu kwa bedi. Loko anali wabwinobwino, wopanda ngakhale pokandika. M'kati munali wailesi, wotchi yapamkono, mikanjo iwiri ndi makofia, zonse zili m'malo mwake. Pansi pa mikanjoyo, pamene pankakhala nsanda, panali chitenje chatsopano chobiriwira cha maluwa achikasu, chopindidwa bwinobwino, mbali imodzi yodulidwa mokhotakhota ndi lumo losathwa.

"Chitenjechi n'chayani?"

"Sindinachionepo m'nyumba muno."

Wakuba wanji wosiya wailesi, kupinda nsalu mwaulemu, n'kutsekanso loko pochoka? Akuba a pa Ntaja ndimawadziwa, sapinda ngakhale bulangete lawo lomwe.

"Kiyi amakhala kuti?"

Anakoka chingwe chakuda m'khosi mwawo. "Pano. Sindivula ngakhale pogona. Lachisanu lililonse m'mawa ndimatsegula, kuiyala pabedi kuti ipitidwe mphepo, kenako n'kubwezera. Lachisanu lapitalo inalipo. Lero ndatsegula, palibe."

"Ndikaiona ndidzaidziwa bwanji? Nsalu zoyera zadzaza dziko."

"Pakona ina pali chidindo chabuluu, mtengo wa kanjedza ndi zilembo za Chiarabu."

Apo mkazi wawo, a Lukiya, amene iwo amangowatchula kuti Abiti, analowa ndi madzi m'kapu. Anagwada kundipatsa, koma madzi ena anatayikira pansapato yanga.

"Mama, chitenjechi mukuchidziwa?"

"Zoterezi zadzaza mumsika," anayankha osachiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, mwina tikanangodikira. Zinthu zina zimapezeka zokha. Tikanayamba taganiza za kuchipatala."

"Abiti, ndikulankhula ndi boma."

Mayi uja anatuluka mwakachetechete.

"Mukukayikira ndani?" ndinafunsa.

"Clever, mwana wa malemu Ganizani wa kuseri kwa chigayo. Uja wa zisudzo, wochititsa manyazi bambo ake m'manda. Lachisanu lapitalo analowa muno nsanda ili pabedi, ati ndimubwereke mkanjo ndi kofia akajambulire kanema woseketsa. Ndinamuthamangitsa. Koma maso ake anatsalira pabedipo. Anafika pondifunsa kuti, 'Che, nsalu yoyera chonchi munaigula kuti?'"

Ndinapinda chitenje chija n'kuchiika m'chikwama changa. Ndikutuluka, mkuluyo anandiitananso.

"Mama Sajeni. Musachedwe."

* * *

Clever ndinakamupeza ku Nkaya masana, kumene a kwawo anandiuza kuti akujambula kanema ndi anzake. Minibasi inandisiya pa Liwonde, ndipo njinga yamoto inandigwedeza mpaka msana kudandaula. Anthu a pa siteshoni sanachedwe kundilozera. "Amisala aja? Ali uko, m'mbali mwa njanji. Akudikira sitima kuyambira m'mawa."

Abale, ndaona zinthu pantchitoyi, koma zimene ndinaona kumeneko zinali zina. Mtsikana wina wamfupi anali atakhala m'wilibala, foni ataimangirira kunsungwi ndi mphira, mwamuna wina wonenepa ali chire kuti amukankhe. Wina ananyamula kalilole wozulidwa pa wadiropu, akulozetsa dzuwa kumene akujambula. Amayi awiri anavala mawigi a khonje ndi magalasi akuda. Pakati pa zonsezi panali njinga ya kabaza, mbali imodzi atamangirirako chitseko cha galimoto cha katoni, chopakidwa utoto wasiliva.

Sitima inalira patali.

"Aliyense pamalo pake!" anakuwa mtsikana wa m'wilibala uja. "Ikadutsa iyi, ina ndi mawa! Mayi apolisi, chokani mu shoti!"

Ine, Sajeni wathunthu, kuuzidwa kuti ndichoke. Koma ndinachoka, poti mawu ake sanali oti n'kutsutsana nawo. Sipika ya batire inayamba kugunda, mabogi a malasha anayamba kudutsa kumbuyo, ndipo kuchokera kuseri kwa chulu kunatulukira Clever. Anavala suti yoyera mbee, yothobwa m'maso, ndi tcheni cha zitsekerero za mabotolo m'khosi. Ankayenda monyang'wa ngati oimba a m'tauni aja amene amajambulitsa atatsamira magalimoto a eni. Anatsegula chitseko cha katoni mwaulemu, n'kukwera pa kaliyala.

"Benzi yanga ya matayala awiri,
mafuta ake ndi chinangwa chowiritsa!
Ndikati bwana dalaiva tiye,
akuti dikirani ndipume kaye!"

Amayi a mawigi anavina mpaka wigi imodzi inagwa. Wilibala inagunda mwala, mtsikana uja anatukwana koma foni sanaisiye. Clever anadzigwetsa dala panjinga, anagubuduka m'fumbi, n'kudzuka akudzisasa ngati palibe chachitika. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka misozi. Kenako anasendera kufupi ndi foni, akumenya thumba la pachifuwa.

"Suti yanga ya ku Dubai,
wokayika aone chidindo!"

Kuseka kunandithera pakhosi. Pathumba paja panali mtengo wa kanjedza wabuluu ndi zilembo za Chiarabu.

Bogi yomaliza itadutsa, ndinamugwira pamkono.

"Aaa, Madamu Sajeni!" anatero, mano onse panja. "Mwabwera kudzasapota? Shoo ili ku Balaka kumapeto kwa mwezi, ineyo Bigi Kabaza laivu pa siteji. Inu ndi ulere, mpando wakutsogolo. Thandizo, wajambula bwanji?"

"Wigi yawononga," anayankha wa m'wilibala uja. "Koma tidula."

"Sutiyi waitenga kuti?" ndinafunsa.

"Yasokedwa ndi a Ambrose, atelala a pa Ntaja. Dizaina wathu ameneyo."

"Sindikufunsa wosoka. Nsalu."

"Nsalu ndi Thandizo. Iyeyu ndiye manijala wa zovala."

Thandizo anatsika m'wilibala akudzisisita m'chiuno. "Bodza. Ine ndinasaka nsalu yoyera Balaka yense, kwa amayi a mvano, kwa obwereketsa matenti, osaipeza. Suti itafika ndinangoti waipeza ndiwe."

"Ine? Ine ndinangopita kukayezetsa thupi, n'kuwauza a Ambrose kuti nsalu itumizidwa. Atandiimbira kuti suti yatha, ndinati Thandizo ndi katswiri."

Anayang'anana. Ine ndinawayang'ana onse awiri, ndipo sindinaone amene amanama.

"Lachisanu lapitalo unalowa m'nyumba mwa Che Abdulrahim."

"Eee, kukabwereka mkanjo. Anandithamangitsa ngati galu wolowa mumzikiti."

"Unaona nsalu pabedi."

"Ndinaona, ndinasirira, ndinafunsa. Kufunsa ndi mlandu, Madamu? Tsiku lomwelo madzulo ndinakwera ya ku Balaka, pa Ntaja sindinapondeponso. Suti inabwera ndi kondakitala wa minibasi."

"Umboni?"

Thandizo anamasula foni kunsungwi n'kundipatsa. Munali timakanema ta tsiku lililonse, deti lili pamwamba. Loweruka Clever akumata mapositala pamsika wa Balaka. Lamulungu akukangana ndi mwini holo. Masiku otsatira akuyeserera kuvina, atavala malaya ake ofiira, mpaka Lachinayi pamene suti inatulukira. Munthu sangabe ku Ntaja akuvina ku Balaka.

"Koma vuto n'chiyani, Madamu?" anafunsa, kumwetulira kutayamba kuzilala. "Ndi nsalu yakuba?"

"Ndi nsanda ya Che Abdulrahim. Anaitenga ku Makka kuti adzawaikemo."

Nthabwala zonse za Clever zinathera pomwepo. Anayang'ana mawondo a buluku, ofiira ndi fumbi la Nkaya. Anayang'ana m'khwapa monyowa ndi thukuta. Kenako anayamba kumasula mabatani, n'kuthamangira kuseri kwa chulu. Anatulukako atavala kabudula yekha, suti ataitambasula pamikono ngati wanyamula mwana wodwala.

"Ndagubuduka nayo," ananong'ona. "Madamu, ndagubuduka nayo m'fumbi."

"Kanema yense ndi suti imeneyi," anatero Thandizo, mawu atatsika. "Ndipo kachidutswa koyamba tinatumiza kale pa WhatsApp dzulo. Pofika pano kazungulira Machinga yense."

* * *

A Ambrose amasoka pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika wa Ntaja. Ndinawapeza m'mawa mwake akuponda makina, tepi ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa. Ndi munthu wosafulumira, ndipo ine anthu osafulumira amandikwiyitsa.

Ndinatulutsa m'jumbo jekete ya suti imene ndinatenga kwa Clever. "Mwasoka ndinu?"

Analavula mapini mmodzimmodzi m'dzanja. "Pa Ntaja pano pali winanso amene angasoke kolala yotere? Ndine."

"Nsalu anabweretsa ndani?"

"Inabwera."

"Bambo, nsalu ilibe miyendo. Anabweretsa ndani?"

"Mayi, musandithamangitse, ndine wa shuga. Mnyamata uja anati nsalu yoyera itumizidwa. Lolemba ndinapita kumaliro ku Nsanama, ndinasiya mayi akunyumba, a Jane, akuyang'anira makinawa. Lachiwiri m'mawa ndikusesa, ndinapeza phukusi pansi pa tebuloli, pamene makasitomala amasiya zawo. Kumasula, nsalu yoyera. Ndiye ndikanaganiza chiyani?"

"Simunawafunse a Jane?"

"Anali atanyamuka kale mbandakucha kupita ku Balaka. Mwana wathu wamkazi wachira kumeneko, kwabadwa mwana wamwamuna." Anasisita jekete ija monyadira. "Nsalu yokoma, mayi. Lumo limangoyenda lokha. Inkanunkhira ngati mankhwala othamangitsira njenjete, koma mokoma. Ndinadabwa kuti ana osauka aja aipeza kuti. Chidindocho ndinachiika pathumba ndine, nzeru zanga, kuti zioneke zakunja."

"Zotsala zili kuti?"

"Panatsala zochepa. Zina ndinaikira matumba a mayunifolomu a ana asukulu, zinapita kale ndi eni ake. Telala sataya nsalu."

Ndinakhala pansi pabenchi. Nsanda ya ku Makka inali itamwazikana m'matumba a ana a sukulu, ikusunga mtedza ndi zofufutira.

"Phukusilo linakulungidwa m'chiyani?"

Anawerama pang'onopang'ono, n'kusolola chitenje chimene anaphimbira ulusi. Chobiriwira, cha maluwa achikasu. Ndinatulutsa chija cha m'bokosi, ndinayala zonse ziwiri patebulo n'kulumikiza modulidwa muja. Pamene lumo linakhota pa china, linakhotanso pa chinzake. Duwa lodulidwa pakati linakumana ndi theka lake.

"Aimbireni a Jane. Ikani poti ndimve."

Foni inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka mawu a mayi, ndi kulira kwa khanda chapatali.

"Mayi," anatero a Ambrose, "phukusi lija la pansi pa tebulo..."

"Iii, ndinaiwala kukuuzani!" anakuwa a Jane. "Musalikhudze limenelo, bambo, musalimasule n'komwe. Ndi la anzanga a Lukiya. Anati ndiwasungire mwachinsinsi mpaka adzalitenge okha."

* * *

A Lukiya ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga pansi pa mtengo wa mango. Atandiona anaika lichero pansi, n'kukonza mpango wawo. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa, jumbo ya suti ili pakati pa miyendo yanga.

"Bambo akugona," anatero. "Usiku sanapeze tulo."

"Ndabwerera inu, mama. Kiyi uja amati savula ngakhale pogona. Nanga posamba?"

Anayang'ana kumbali, ine ndinapitiriza.

"Munthu wotupa miyendo chonchija sadzisambitsa yekha. Amawasambitsa ndani? Amawavula chingwe ndani kuti chisanyowe?"

Anatola kanjere ka mpunga pansalu yawo n'kukayang'anitsitsa. Ndimayembekezera kukana, kulumbira, kulira, zonse zimene ndinazolowera. Koma mayi uja anangopumira m'mwamba ngati watula mtolo wa nkhuni.

"Mwafulumira, mwanangu. Ndimayesa zitenga nthawi."

"Chifukwa chiyani, mama?"

"Adokotala anatiuza kalekale kuti apite kuchipatala chachikulu ku Zomba. Anati chotupacho chikhoza kuchotsedwa, anthu amachira. Ana atumiza uthenga, a Shehe abwera kudzawalankhula, ine ndagwada mpaka mawondo kuchita zipsera. Yankho ndi limodzi: 'Ndakonzeka kale, Abiti, ulendo wanga uli m'bokosi.'" Mawu awo anayamba kukwera. "Mukanawaona Lachisanu akaiyala pabedi. Kuisisita, kuinunkhiza, kuimwetulira. Ine anasiya liti kundimwetulira choncho? Ndakhala ndi mkazi mnzanga m'bokosi, mwanangu, ndipo amandilanda mwamuna ndikuona. Ndinati ndimuchotse kaye. Munthu uja sangalole kufa nsanda yake palibe, ndimamudziwa. Ndinati akaisowa apita kuchipatala kuti apeze nthawi yoisaka."

"N'chifukwa chiyani munakasiya kwa a Jane?"

"Kwa Msilamu mnzanga akanaidziwa ndi fungo lokha, ndipo pofika swala, pemphero la madzulo, nkhani ikanakhala ili kumzikiti. Jane ndi Mkhristu, samafunsafunsa. Za polisi sindinaziganizire, iyayi. Sindinaganize kuti angaitane boma." Anandigwira dzanja. "Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musawauze msanga. Auzeni kuti mukusakabe. Akangopita ku Zomba n'kubwerako, ndikaitenga ndekha, ndiibwezera m'bokosi, ndipo ndidzawauza zonse. Ili pabwino, sinakhudzidwe. Ndinaikulunga ndekha ndi Bisimilahi m'theka la chitenje chija, theka linalo n'kuliika m'bokosi kuti pasaoneke mpata."

Ndagwirapo zigawenga za zikwanje, ndauzapo amayi kuti ana awo apezeka m'mtsinje. Koma pa mtondo paja ndinalakalaka ndikanakhala wogulitsa tomato. Komabe ndinayenera kuwauza.

"Mama, a Jane anapita ku Balaka osawauza amuna awo."

"Ndiye?"

"Amuna awo ndi telala. Ankadikira nsalu yoyera."

Anandiyang'ana osamvetsa. Ndinamasula jumbo, n'kutulutsa jekete. Ndinaitembenuza kuti aone thumba la pachifuwa.

A Lukiya sanakuwe. Anatambasula dzanja, nakhudza kanjedza wabuluu uja ndi chala chimodzi, n'kuchibweza msanga ngati apsa. Anadzuka, anaponda lichero, mpunga wonse unamwazika, nkhuku zinathamangira. Iwo sanazione n'komwe.

"Subuhana Llahi," ananong'ona. "Ndapha munthu ine."

M'nyumba munamveka chifuwa, kenako mawu. "Abiti! Ndikumva mawu a Sajeni. Alowe."

* * *

Tikuzungulira kukhomo tinapeza Clever ataima pakhonde, atavala malaya ake ofiira aja, manja ali kumbuyo. Anabwera yekha ndi minibasi yoyamba. Ndinamuuza kuti avule nsapato atitsatire.

Ndinayala suti pamkeka, patsogolo pa Che Abdulrahim. Jekete, buluku, ndi kansalu kopukutira thukuta kamene a Ambrose anawonjezera mwaulere. Ndinafotokoza mwachidule za telala, za phukusi, za kanema. Dzina la amene anatulutsa nsanda m'bokosi sindinalitchule.

Mkuluyo anakokera jekete pamiyendo pawo. Anayendetsa chala pamsoko wa phewa, kutsika pamkono, kufika pa mabatani. Anaisendeza kumphuno, n'kuibweza. Fungo la ku Makka linali litapita, munatsala thukuta ndi utsi wa sitima.

"Wasoka bwino," anatero.

Clever anagwa chogwada. "Che, sindinadziwe. Ndikulumbira pa manda a bambo anga, sindinadziwe. Tikhoza kumasula ulusi wonse, tiichape, tiilumikize..."

"Ulusi umasula. Nanga mabowo a singano uwamasula bwanji? Ndipo ukati ulumikize, ulumikiza ndi chiyani?"

"Kanemayo tifufuta. Shoo tiyimitsa. Ndiuza aliyense afufute pafoni pake."

"Ukafufuta, nsanda ibwerera?" Anatambasula dzanja. "Ndionetse."

Ndinafuna kuletsa, koma ndani akanaletsa? Clever anatulutsa foni n'kuwapatsa. M'chipinda chija, mmene munkanunkha mankhwala ndi matenda, munalira nyimbo ya Benzi ya matayala awiri. Che Abdulrahim anaonera kachidutswa konse osaphethira, mpaka pamene mnyamatayo amamenya chidindo pachifuwa. Itatha anabweza foni mwaulemu.

"Bambo ako anali mnzanga," anatero. "Ndinakutchula wakuba pamaso pa boma. Pamenepo ndinalakwa, undikhululukire." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mama Sajeni, mwandiuza amene anadula, mwandiuza amene anavala. Simunandiuze amene anatsegula bokosi."

Ndinayang'ana pansi ngati mwana wasukulu. Kumbuyo kwanga ndinamva nsalu ikukhwekhwereza. A Lukiya anayenda ndi mawondo kuchokera pakhomo mpaka pamphepete pa mkeka.

"Ndine, bambo."

Panja njinga za kabaza zinkaliza mabelu, wina akutsatsa usipa.

"Inu, Abiti?"

"Ndimafuna mupite kuchipatala. Ndimati ndikaibisa mukhala ndi chifukwa chodikirira. Ndikanaibweza, Allah ndi mboni, ndikanaibweza yathunthu."

"Munandivula kiyi mukundisambitsa."

"Eee."

"Ine nditatseka maso, sopo ali kumaso, ndikukuthokozani."

A Lukiya anagwetsa nkhope pamkeka. Ndinaganiza kuti mkuluyo akalipa, mwina atchula mawu othetsa banja, ndipo ndinakonzeka kulowererapo. Koma anangokankhira suti ija kwa Clever ndi nsonga za zala.

"Tenga. Kamalize kanema wako, anthu akaseke ku Balaka. Yavina kale, siingagonenso ndi ine."

"Che, sindingathe kuivalanso."

"Ndiye kaitaye. Koma ichoke muno." Anapuma movutikira. "Mama Sajeni, mlandu ndauchotsa. M'nyumba muno simunalowe wakuba. Pepani ndi tiyi wanu uja."

Ndikanakonda akananditukwana. Clever anakulunga suti m'jumbo n'kutuluka chobwerera m'mbuyo, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinadzuka kuti nditsanzike, koma a Lukiya anadzutsa mutu.

"Bambo," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "nanga ku Zomba?"

Ndinafuna kuwatseka pakamwa ndi dzanja langa. Nthawi yake inali imeneyo? Koma mayi uja anali atataya zonse chifukwa cha funso limenelo, ndipo sakanatha kulimeza.

Che Abdulrahim anayang'ana bokosi lachitsulo lija nthawi yaitali.

"Longedzani chikwama. Tipita mawa."

"Alihamudulilahi," a Lukiya anayamba, manja akukwera kumaso.

"Musathokoze, Abiti. Sindikupita kukafuna moyo. Ndinali wokonzeka, mtima uli m'malo, imfa sindinkaiopa ngakhale pang'ono. Lero ndikuiopa. Mantha amenewa mwandipatsa ndinu, ndipo ndi amene akundikweza galimoto mawa." Anatembenukira kukhoma, n'kukoka nsalu kufunda mapewa. "Pitani mukalongedze."

A Lukiya anadzuka pang'onopang'ono kupita kuchipinda china, kukalongedza chikwama chimene anakhala akuchipempherera miyezi yonseyi. Ndikuvala nsapato pakhonde ndinkawamva kuseri kwa khoma akupinda zovala za amuna awo, akulira motsitsa kuti mkuluyo asamve.